DISO LACHIWIRI: AKONZI NDI OUNIKA PA NTCHITO YA MAPU A CHIGWA CHA SHIRE

Ife a kuno kwa Katunga ndi m'chigwa chonse cha Shire, za madzi osefukira sitichita kumvera pa wailesi. Mu Januwale 2015 mitsinje ya Shire, Ruo ndi Mwanza idasefukira, ndipo boma lidalengeza kuti maboma 15 agweredwa ndi tsoka. Anthu pafupifupi 230,000 adasowa pokhala, ndipo Chikwawa ndi Nsanje adali m'gulu la maboma ovutika koposa. Pa nthawi yotere wobwera ndi thandizo amayamba wafunsa kuti: midzi ili pati, nyumba zilipo zingati, nanga mseu woti galimoto nkudutsa ndi uti? Mayankho ake amapezeka pa mapu. Koma kodi amene amaonetsetsa kuti mapuwo akunena zoona ndani?

Mapu olembedwa ndi anthu odzipereka

M'chaka cha 2004 bambo wina wa ku Britain, Steve Coast, adayambitsa OpenStreetMap. Awa ndi mapu a dziko lonse a pa intaneti amene munthu aliyense angathe kuwonjezerapo mseu, mjigo kapena sukulu, ndipo amagwiritsidwa ntchito mwaulere. Chivomezi chitawononga dziko la Haiti mu 2010, padakhazikika bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team, mwachidule HOT, loti lizitsogolera ntchito ya mapu pa nthawi ya ngozi.

Mu 2014 bungweli lidafika ku Chikwawa ndi ku Nsanje mothandizidwa ndi World Bank, ndipo lidagwira ntchito limodzi ndi nthambi ya boma yoona za mapu komanso yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Anthu adaphunzitsidwa kuyenda m'midzi ndi timakina ta GPS, kulemba malo a nyumba, miseu ndi zitsime, nkuziika pa kompyuta. Madzi atafika chaka chotsatiracho, anthu odzipereka a m'maiko ena adapitiriza ntchitoyi poyang'ana zithunzi za setilaiti.

Tsono taganizani, awerengi. Wina ali ku London, wina ali ku Lilongwe, sadaonanepo, ndipo palibe amene akulandira malipiro. Chimene chimawagwirizanitsa ndi malangizo olembedwa. Pali buku la pa intaneti lotchedwa LearnOSM lophunzitsa oyamba kumene kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu ojambulira mapu monga iD ndi JOSM. Palinso masamba a wiki ofotokoza tanthauzo la chizindikiro chilichonse. Ambiri mwa olemba malangizowa ndi anthu odzipereka omwewo.

Ntchito ya mkonzi

Wolemba malangizo nthawi zambiri amakhala katswiri, ndipo vuto la katswiri ndi lakuti amaiwala zimene zidamuvuta pamene ankayamba. Amadumpha sitepe imene kwa iye ndi yodziwikiratu. Nchifukwa chake pamafunika mkonzi, pakuti akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Choyamba, mkonzi amayesa yekha malangizowo. Amakhala pa kompyuta nkumachita chilichonse monga momwe chalembedwera, osawonjezera nzeru zake. Akakakamira penapake, amadziwa kuti wophunzira adzakakamiranso pomwepo.

Chachiwiri, amaonetsetsa kuti chinthu chimodzi chikutchulidwa ndi dzina limodzi. Tsamba lina likati "njira", lina nkuti "mseu", pamene akunena chinthu chomwecho, wophunzira amayesa kuti ndi zinthu ziwiri. Izi zimavutanso pomasulira malangizo m'zinenero zina, ndipo womasulira naye amafunika mnzake womuwerengera.

Chachitatu, amayang'ana ngati malangizowo sadakalambe. Pulogalamu ya Tasking Manager, imene HOT imagawira ntchito, idasinthidwa maonekedwe mu 2017 ndiponso mu 2020. Kusintha kotere kukachitika, zithunzi za m'malangizo zimasonyeza mabatani amene kulibenso, ndipo wina ayenera kuzijambulanso.

LearnOSM imasungidwa pa GitHub. Kumeneko wofuna kukonza mawu amatumiza pempho losonyeza mizere imene wasintha, anzake amawerenga ndi kupereka maganizo, kenaka woyang'anira amavomereza. Pa wiki munthu amasintha tsamba nthawi yomweyo, koma kusintha kulikonse kumasungidwa pamodzi ndi dzina la wosinthayo ndi tsiku lake, kotero cholakwika chimatha kubwezedwa. Wofuna kuti chizindikiro chatsopano chivomerezedwe ndi gulu amalemba ganizo lake, anthu amakambirana kwa masabata osachepera awiri, kenaka amavota.

Chitsanzo cha miseu yathu

Malangizo oyamba a miseu adalembedwa poganizira za ku Ulaya. Kumeneko mseu wafumbi kawirikawiri umakhala wopita kumunda kapena kunkhalango, ndipo chizindikiro chake ndi highway=track. Munthu wozolowera zimenezi akaona mseu wafumbi pa chithunzi cha Chikwawa amafulumira kuupatsa chizindikiro chomwecho. Komatu kuno mseu wafumbi ungathe kukhala umene umalumikiza midzi yambiri ndi chipatala kapena msika. Ukalembedwa ngati kanjira ka m'munda wa nzimbe, wokonza ulendo wa galimoto ya chakudya angathe kuusiya nkuzungulira kutali.

Pofuna kuthetsa vutoli, anthu odzipereka adalemba tsamba lotchedwa Highway Tag Africa. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mseu uzipatsidwa chizindikiro potengera ntchito imene umagwira pa moyo wa anthu, ndipo zakuti ndi wa phula kapena wafumbi zizilembedwa padera. Chimodzimodzinso pamene mseu wadutsa mtsinje: mlatho uli ndi chizindikiro chake, ndipo pamalo pongowoloka m'madzi pali chizindikiro chinanso. M'chilimwe kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma aliyense wodziwa mtsinje wa Mwanza m'dzinja akudziwa kuti pamenepa pagona moyo wa dalaivala ndi anthu ake.

Ounika

Malangizo abwino paokha sakwanira. Mu Tasking Manager dera limagawidwa m'timagawo ting'onoting'ono. Munthu amatenga kagawo kamodzi, amajambula nyumba ndi miseu, nkulemba kuti watsiriza. Pambuyo pake wina wodziwa bwino ntchitoyi amakaunika. Ngati zonse zili bwino amavomereza, koma ngati nyumba zambiri zasiyidwa kapena mitengo yajambulidwa ngati nyumba zaudzu, amakonza kapena kubweza kagawoko ndi mawu ofotokoza. Ounika akaona kuti anthu ambiri akulakwitsa pa chinthu chimodzimodzi, amazindikira kuti vuto lili m'malangizo, ndipo amadziwitsa akonzi. Umu ndi momwe ntchito ziwirizi zimadalirana.

Pali chinanso. Munthu wodzipereka sungamudule malipiro, ndipo ukamukalipira amangochoka osabweranso. Choncho wounika wabwino amayamba wathokoza, amatchula cholakwika chenichenicho, nkusonyeza tsamba pamene pali yankho. Wodzudzulidwa naye amaphunzira kulandira uphungu, podziwa kuti safunsa adadya phula.

Mphepo za mkuntho za Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 zidaonetsa kuti chigwa chathu chidzafunabe mapu olondola. Wa ku London amaona denga pa chithunzi, koma dzina la mudzi, ndiponso mseu umene umaduka mvula ikagwa, amadziwa ndi mwana wa kuno. Anzanga ophunzira, luso lowerenga mosamala ndi kulemba momveka limene timaphunzira m'kalasi ndi lomwelo limene akonzi ndi ounika amagwiritsa ntchito. Ndipo inu makolo, mwana akakufunsani dzina la khwawa kapena dooko, muuzeni bwino, chifukwa mwina dzinalo lidzafika pa mapu amene adzatsogolere bwato lodzapulumutsa anthu.