Chuku m'Chimanga ndi Mtedza wa Malonda

Mlimi wa fodya adziwa kusankha. Sasakaniza tsamba lankhungu ndi labwino m'belo limodzi, pakuti adziwa kuti belo lotere libwezedwa ku okushoni. Koma nchodabwitsa kuti mlimi yemweyo, pofika pa chimanga ndi mtedza, zimene anthu adya, angothira zonse m'thumba, chofumbwa ndi choola chomwe, napita nazo kumsika.

Mbewu zosauma bwino zimera chuku, ndipo mtundu wina wa chuku utulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Akatswiri anamzindikira m'mbuyo mwa chaka cha 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Anthunso afa naye. M'chaka cha 2004 ku Kenya anthu 317 anadwala, ndipo 125 anamwalira. Ambiri anadya chimanga cha m'minda yawo yomwe, chimene chinasungidwa chisanaume. Poizoni ameneyu aononga chiwindi, ndipo satha ndi moto. Kukazinga kapena kuphika sikumchotsa.

Nchifukwa chake Boma liika oyendera. Munthu wofuna kulongedza ufa kapena chiponde kuti azigulitsa m'masitolo ayenera kupita ku bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Iwo adzaona nyumba yogwiriramo ntchito, natengako katundu pang'ono kukamuyesa, asanalole chizindikiro chawo pa paketi. Woyendera asaonedwe ngati mdani wa malonda. Mwini chigayo amene matumba ake akhala pa thandala, osakhudza pansi kapena khoma, ndi denga losadontha, alibe chomuopera.

Komabe ntchito yaikulu ili kwa inu alimi. Musayanike chimanga padothi. Yalani mphasa kapena lona. Pofuna kudziwa ngati chauma, thirani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo louma, tsekani, khutchumulani. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikali ndi madzi, chibwerere padzuwa. Ndipo lekani chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga, kapena kuti ulemere pa sikelo. Kumeneko ndiko kuitana chuku ndi manja anu.

Pali chinthu china chimene woyendera sangachione. Wogula akakana mtedza wonyala ndi wakuda, mtedzawo subwerera kumunda. Upita kwa amayi, nausinja, nauthira m'phala la mwana. Motero wabwino udyedwa ndi alendo m'tauni, woipa ndi ana a mwini munda. Ena aupatsa ng'ombe, osadziwa kuti poizoniyo atsikira mumkaka. Mtedza ndi chimanga zachuku zikwiriridwe m'dzenje lakuya, kumene nkhuku ndi nkhumba sizingafukule.