Loya, paralegal ndi dobadoba: dziwani kusiyana kwawo

Mnyamata wagwidwa pa doko usiku, akumuganizira kuti waba ukonde. Kutacha, mayi ake akwera matola kuchokera ku Malindi kapena ku Makanjira, ndalama za usipa atamanga pa nsonga ya chitenje. Asanaonane n'komwe ndi mwana wawo, akumana ndi bambo wa tayi, chikwama cha mapepala m'manja. "Mayi, musade nkhawa, ine ndimadziwana ndi akuluakulu. Mungondipatsa kangachepe, mwana wanu agona kunyumba lero." Ndalama zapita, bamboyo wazimiririka, mwana akadali m'chitokosi.

Nkhani yotere si yachilendo kuno kunyanja. Anthu oterewa ndi amene timawatcha madobadoba, ndipo ena mwa iwo amadzitcha maloya kapena ma paralegal. Tsono abale ndi alongo, ndi bwino tidziwe kusiyana kwa anthu atatuwa tisadamasule chitenje.

Loya ndi munthu amene adaphunzira za malamulo, navomerezedwa ndi khoti, ndipo amatenga layisensi chaka ndi chaka. Lamulo loyendetsa ntchitoyi, la Legal Education and Legal Practitioners Act, limaletsa munthu wopanda chilolezo kudzitcha loya kapena kugwira ntchito ya uloya. Loya akakulakwirani muli ndi kokadandaula, ku bungwe la Malawi Law Society, ndipo angathe kulandidwa layisensi. Nanga dobadoba akakudyerani ndalama, mukamulanda chiyani?

Paralegal si loya, koma si wakubanso ayi. Kaamba koti maloya ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, m'chaka cha 2000 bungwe la Penal Reform International pamodzi ndi mabungwe a m'dziko muno adayambitsa ntchito ya Paralegal Advisory Service, yomwe mu 2007 idasanduka bungwe loima palokha la PASI. Anthu ake amalowa m'ndende, kupolisi ndi m'makhoti. Amaphunzitsa omangidwa momwe mlandu umayendera ndi momwe angapemphere belo, amafufuza makolo a ana omwe agwidwa, amakumbutsa akhoti za anthu amene aiwalika pa limandi. Pa zonsezi salipiritsa. Nalo bungwe la boma la Legal Aid Bureau, lomwe lidayamba ntchito mu 2015 pofuna kuthandiza osowa ndalama zolipira loya, lili ndi ma paralegal ake.

Chizindikiro chachikulu cha paralegal weniweni ndi chakuti amadziwa malire ake. Amanena poyera kuti iye si loya, ndipo amatchula bungwe lomwe lamutuma. Salonjeza kuti mlandu mupambana, pakuti woweruza si iye. Nkhani ikamukulira, monga mlandu wakupha, amakulozerani kwa loya, sachita manyazi kunena kuti apa pandipitirira. Chinsinsi chanu amachisunga ngati amana, sakachiulula pa bawo kapena pa msika. Sathandizanso mbali ziwiri zotsutsana mobisa, kudya kwa wodandaula ndi kwa wodandaulidwa, poti mapanga awiri avumbwitsa.

Ena amati malirewa amangoteteza matumba a maloya. Mkangano umenewu ulipodi: mu 2021 a Legal Aid Bureau adapempha kuti ma paralegal awo aziloledwa kuimira anthu m'makhoti a majisitireti, ndipo a Malawi Law Society adatsutsa. Koma taonani kuti mbali zonse ziwiri zinkakamba za anthu ophunzitsidwa, okhala ndi owayang'anira. Palibe amene ankaikira kumbuyo munthu wa chikwama woima pansi pa mtengo. Langizo lolakwika limapweteka: munthu kuvomera mlandu womwe sadapalamule chifukwa wauzidwa kuti atuluka msanga, kapena mayi wamasiye kudinda chala pa pepala lomwe sadaliwerenge, nataya nyumba ndi bwato la ana ake.

Zinthu zina banja lililonse liyenera kuzidziwa lokha. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 42, amati womangidwa aonekere kukhoti pasadathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito maolawo akatha. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti imakhala ndi lisiti. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu malinga ndi lamulo la 2011 loona za chuma cha omwalira. Ndipo amene akuti mumpatse ndalama akapereke kwa woweruza akukulowetsani m'ziphuphu, zomwe ndi mlandu kwa boma komanso haramu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Mawu omaliza apite kwa ife amene anthu amatidalira m'midzi: mashehe, aphunzitsi, mafumu ndi onse odziwa Chingerezi. Kuwerengera mnzathu samani kapena kumuperekeza ku ofesi ndi ntchito yabwino. Koma tikafika pomwe sitikudziwa, tinene kuti sitikudziwa, timulozere kwa odziwa. Ndipo inu mayi, musadapereke khobiri funsani mafunso atatu: Dzina lanu ndani? Mwachokera ku bungwe liti? Chitupa chanu chili kuti? Woona sakwiya ndi mafunso amenewa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.