Kodi Mumadziwa? Nzimbe Imabadwa Nako Kutsekemera

Inu amene mumatafuna nzimbe ku Matema dzuwa likuswa mtengo, ndi kuvomereza mawu a akale akuti nzimbe saidyera kutalika, dziwani kuti ngakhale masamba ndiwo amapanga shuga namutumiza kuphesi, muyeso wake unalembedwa kale m'chibadwa cha mbewuyo. Pakuti nzimbe zolimidwa ku Marromeu ndi ku Nchalo ndizo zidzukulu za makolo awiri, lina lotsekemera lochokera ku New Guinea, lina lakuthengo, losakoma koma lopirira matenda, amene Adatchi anawakwatitsa ku Java, kufikira mu 1921 panabadwa mtundu wotchuka wa POJ 2878. Pamene munthu ali ndi makromozomu 46, nzimbe zimenezi zili nawo oposa 100, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a kholo lotsekemeralo.