Madzi Otsala M'mapaipi pa Nyengo ya Chisanu

Mwezi wa June ukafika, chiperoni chimakuta Kanjedza ndi Limbe yense, komabe madzi a m'mapaipi athu saundana. Ku Johannesburg, kumene achinyamata athu ambiri amakafuna ntchito, masiku ena usiku kumazizira kufika pansi pa madigiri 0. Amene wapatsidwa ntchito yosamalira kalavani kumeneko, ngolo yogonamo ija yokokedwa ndi galimoto, ayenera kudziwa khalidwe la madzi.

Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Paipi yodzaza imasowa potambasukira, motero imang'aluka. Pampu ndi chotenthetsera madzi nazonso zimasweka. Choipa nchakuti mng'aluwo sudziwika kufikira madzi atasungunuka nayamba kuwoletsa matabwa a pansi pa ngolo.

Mankhwala ake ndi kukhuthula. Yambani mwazimitsa chotenthetsera, nimuchileke chizizire. Kenaka tsegulani thanki ndi mipopi yonse, ya madzi otentha ndi ozizira omwe, kufikira dontho lotsiriza. Ku Canada, kumene chisanu chimakhala miyezi ingapo, amathiranso m'mapaipi mankhwala oletsa kuundana otchedwa propylene glycol. Koma chenjerani: aja othira m'rediyeta ya galimoto, a ethylene glycol, ndi poizoni, asayandikire konse madzi akumwa.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ophunzira zimenezi mosavuta. Dzazani botolo lapulasitiki mpaka m'khosi, mulitseke, ndipo muligoneke m'chipinda choundanitsa cha firiji. M'mawa mudzalipeza litatupa, mwinanso litang'aluka.