Makina oonera m'kati mwa thupi aulula chimene chimapha ana pa malungo a muubongo

Mvula ikayamba ku Chiputo, m'boma la Maravia, udzudzu umachuluka ndipo malungo nawo amafika. Ana ambiri amachira akalandira mankhwala msanga. Koma pali mtundu wina wa malungo umene makolo amauopa kwambiri: mwana amatentha thupi, kenako amayamba njirinjiri, maso n'kutembenuka, mpaka kukomoka osadzidzimuka ngakhale atamutsina. Awa ndi malungo a muubongo. Kwa zaka zambiri madokotala ankaona ana otere akumwalira ngakhale atalandira mankhwala oyenera, osadziwa chenicheni chimene chawapha. Yankho linapezeka ku Blantyre, m'dziko la Malawi, mothandizidwa ndi zipangizo zitatu zoonera zinthu zimene maso paokha sangaone.

Chipangizo choyamba ndi maikulosikopu, makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono. M'chaka cha 1880, dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, amene ankagwira ntchito ku Algeria, anaona koyamba kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala. Mpaka lero maikulosikopu ikugwirabe ntchito m'malabotale. Kadontho ka magazi amakapaka pa kagalasi, kakauma amathirapo utoto wotchedwa Giemsa, kenako amakakulitsa ka 1,000. Katswiri amatha kuona tizilomboto, kudziwa mtundu wake ndi kuwerenga kuchuluka kwake. M'zipatala zing'onozing'ono ndiponso kwa azaumoyo a m'midzi, amagwiritsa ntchito kachipangizo koyezera msanga, kamene kamapereka yankho pakadutsa mphindi 15 kapena 20.

Njira ziwirizi zimayankha funso limodzi: tizilombo tilimo m'magazi kapena mulibe? Vuto n'lakuti kumadera kumene malungo ali ponseponse, ana ambiri amayenda ndi tizilomboti popanda kudwala. Choncho mwana wokomoka atha kupezeka nato, pomwe chamukomola ndi matenda ena, monga oumitsa khosi. Dokotala wa ku America, Terrie Taylor, amene wakhala akufufuza za malungo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira mu 1986, anatsimikiza zimenezi. Makolo atavomera, iye ndi anzake anapima matupi a ana 31 amene anamwalira akuganiziridwa kuti anali ndi malungo a muubongo. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2004, zinaonetsa kuti ana 7 anafa ndi matenda ena. Kwa enawo, maikulosikopu inaonetsa timitsempha ta muubongo titadzaza ndi maselo ofiira a magazi okhala ndi tizilombo, atamatirira m'mbali mwa timitsemphato.

Nanga zimenezi zingadziwike bwanji mwana akali moyo? Apa m'pamene chipangizo chachiwiri chinathandiza. Ndi kagalasi kokhala ndi nyali kamene madokotala a maso amasuzumirira m'kati mwa diso. Dokotala wa maso Susan Lewallen, akugwira ntchito ku Malawi komweko, analemba mu 1993 zimene anaona m'maso mwa ana odwala malungo a muubongo. Kuseri kwa diso kuli kachikopa kotchedwa retina, ndipo timitsempha take n'tofanana ndi ta muubongo. Mwa mwana amene akudwaladi malungowa, pa retina pamaoneka mawanga oyera, timadontho ta magazi otuluka, ndi timitsempha tosintha mtundu. Dokotala akaona zizindikirozi amadziwa kuti ndi malungo a muubongo. Akapanda kuziona, amafufuzanso matenda ena.

Chipangizo chachitatu ndi MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito amphamvu, popanda kung'amba paliponse. Makinawa anafika pachipatala cha Queen Elizabeth mu 2008. Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anajambula ubongo wa ana 168 amene anali ndi zizindikiro zija m'maso. Mwa anawa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anapulumuka, 39 okha ndiwo anali ndi kutupa kotero. Zotsatirazi zinatuluka mu 2015.

Kutupaku kumapha motere. Chigaza ndi fupa, sichifutukuka. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, ndiye umakankhira pansi n'kupanikiza mbali ya ubongo imene ili chakunkhongo, yomwe imayendetsa kupuma. Mwana amasiya kupuma. Koma zithunzizo zinaonetsanso nkhani yolimbikitsa: mwa ana amene anapulumuka, kutupako kunkaphwa pakapita masiku. Choncho mwana akalandira chithandizo n'kupirira nthawi yoopsayo, ali ndi mwayi wochira, ngakhale kuti ena amatsala ndi khunyu kapena vuto la kulankhula ndi kuyenda.

Banja la ku Chiputo silifunika kuona makina a MRI kuti lipindule ndi kafukufukuyu. Phunziro lake ndi la nthawi. Ubongo sutupa mwana akangoyamba kutentha thupi. Zimafika pamenepo tizilombo tikachulukana osalandira mankhwala. N'chifukwa chake azaumoyo amalangiza kuti mwana wotentha thupi ayezedwe magazi pasanathe maola 24, ndipo akapezeka ndi malungo amalize mankhwala onse a masiku atatu.

Mwana akayamba njirinjiri, kukomoka, kukana kuyamwa kapena kusanza chilichonse, afunika kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Ena amaganiza kuti njirinjiri ndi zamatsenga ndipo amayamba apita kwa sing'anga, koma maola otayika panjira imeneyo ndi amene ubongo umakhala ukutupa. Mwana wokomoka amugoneke chammbali, ndipo asamumwetse madzi kapena mankhwala chifukwa atha kutsamwa. Kumene ulendo uli wautali, mwana wamng'ono atha kuyamba waikidwa mankhwala a artesunate kumatako ngati alipo, koma amenewa ndi ongomuthandiza panjira. Chithandizo chenicheni ndi jakisoni wa artesunate kuchipatala.

Ndipo chitetezo chimayambira pakhomo: mwana aliyense azigona mu neti usiku uliwonse, makamaka m'miyezi ya mvula.