N'chifukwa chiyani chigubu chimalira pothira madzi?

Pa mijigo ya ku Insaca ndi ku Entre-Lagos, m'boma la Mecanhelas, amayi ambiri sasuzumira m'chigubu kuti adziwe ngati chadzaza. Amangomvetsera. Madzi akayamba kulowa, chigubu chimalira ndi mawu aakulu a besi. Kenaka mawuwo amanka nakwera mpaka kusanduka kaliwu kakang'ono madzi akafika m'khosi, ndipo wopopa amaleka pomwepo.

Chimene chimalira kwenikweni ndi mpweya wa m'chigubumo. Madzi akamagwa amagwedeza mpweya umene uli pamwamba pake. Chigubu chikakhala chopanda kanthu mpweyawo ndi wambiri, ndipo umagwedezeka pang'onopang'ono ngati ng'oma yaikulu. Madzi akamakwera, malo a mpweya amachepa, umagwedezeka mofulumira, mawu n'kukwera. Wasayansi wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafufuza kulira kwa mpweya wotsekeredwa m'chiwiya m'zaka za m'ma 1800. M'chaka cha 1933, Marcel Minnaert, amene ankagwira ntchito ku Netherlands, anaonetsa kuti phokoso la madzi oyenda limachokera ku timathovu ta mpweya: thovu lalikulu limalira besi, laling'ono limalira mokwera.

Phokoso lina ndi lija la "gubu gubu" limene limamveka pokhuthula botolo kapena chigubu cha malita 20. Pakamwa ndi pamodzi, koma zofuna kudutsapo ndi ziwiri: madzi akutuluka, mpweya ukulowa. Madzi akatuluka amasiya malo m'kati, ndipo mpweya wotsalamo umachepa mphamvu kuyerekeza ndi wakunja. Pamenepo mpweya wakunja umakankha madzi aja n'kulowa ngati thovu. Thovulo likangolowa, madzi amatumphukanso. "Gubu" aliyense ndi thovu limodzi limene lalowa. Botolo likamatha, mpweya umachuluka m'kati, ndiye mawu ake amanka natsika, kusiyana ndi podzaza paja.

Nkhaniyi ili ndi phindu kwa mlimi. Madzi otuluka modukizadukiza amathovukira m'manja, m'zovala ngakhale kumaso. Akakhala madzi akumwa, chotayika ndi thukuta la wotunga basi. Koma akakhala mankhwala ophera tizilombo m'munda wa fodya, thonje kapena chimanga, kuthovuka kumeneko n'koopsa, chifukwa ambiri mwa mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Chimodzimodzi petulo wothira m'njinga yamoto: akatayikira pa injini yotentha angathe kuyaka.

Njira yopewera ndi kupatsa mpweya njira yakeyake. Wothira apendeke botolo pang'onopang'ono kuti madzi adutse m'munsi mwa pakamwa, pamwamba patsale mpata wolowera mpweya. Chigubu chimene pakamwa pake pali m'mbali chigwiridwe mwakuti pakamwapo pakhale chakumwamba pothira, kapena chigonekedwe cham'mbali. Ngati chili ndi kachivindikiro kachiwiri kumbuyo, katsegulidwe, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo yolowetsa mpweya. Madzi akamatuluka mwakachetechete ngati chingwe, ndiye kuti zili bwino. "Gubu" akayamba kumveka, botolo lapendekeka kwambiri, ndipo wothira abwezeko dzanja pang'ono.

Wofuna kutsimikiza atenge botolo la madzi wamba, alizondotse, awerenge kuti latha pa nthawi yotani. Alidzazenso, alizondotse n'kulizunguza kuti madzi azizungulira ngati kamvuluvulu. Pakati pamatseguka kanjira ka mpweya, phokoso lija limatha, ndipo botolo limatha msanga. Zimenezi n'zoyesera ndi madzi okha. Pothira mankhwala, mlimi avale zoteteza m'manja, athire pamalo opita mphepo, kutali ndi mjigo kapena chitsime, ndipo asambe ndi sopo akamaliza.