Kuthithikana kwa Galimoto M'mizinda: Kodi Imfa Imabisala Pati?

Aliyense amene amapita ku ntchito m'mawa kudzera mu msewu wa Masauko Chipembere, kuchokera ku Limbe kulowa mu Blantyre, akudziwa mdipiti wa galimoto umene umakhala pakati pa Chichiri ndi Ginnery Corner. Ambiri amayesa kuti nthawi imeneyi ndiyo yoopsa koposa zonse. Maganizo amenewa ngoona pang'ono chabe.

Galimoto zikathithikana, ngozi zimachulukadi, koma zambiri nzazing'ono: wina agunda mnzake kumbuyo, minibasi ikhula galimoto ya pambali pokhota mwadzidzidzi kuti itenge wokwera. Nyali zimasweka, eni ake amakangana, koma kawirikawiri maliro sakhalapo, pakuti galimoto yoyenda ngati nkhono ilibe mphamvu yochuluka yophera munthu.

Tsoka lenileni lili pamene mdipiti uja wathera. Woyendetsa amene wachedwa, ataona msewu wayera kutsogolo, amaponda moto kuti abweze nthawi yotayika. Tsono galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi yotereyi imatha woyendetsa asanaponde nkomwe buleki. Pa makilomita 80, mamitawo amakwana 22. Choopsanso nchakuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda buleki ataponda kale umawirikiza kanayi. Mumsewu momwemo muli a njinga za kabaza, ophunzira, ndi amayi osenza chakudya cha odwala owolokera ku chipatala cha Queen Elizabeth. Onsewa alibe chitsulo chowatchinga, ndipo kusiyana kwa liwiro lawo ndi la galimoto ndiko kumabala maliro.

Palinso malo ena onyenga, ndiwo kumchira kwa mdipiti, kumene wothamanga amatulukira galimoto zoima asakuyembekeza.

Umboni wa zimenezi udaoneka kutali, ku United States, m'chaka cha 2020. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, maulendo a galimoto adachepa kwambiri, misewu ya m'mizinda nkukhala pululu. Munthu akadayembekeza kuti imfa za pamsewu zichepa. Koma zidakwera, kuchoka pa anthu oposa 36,000 mu 2019 kufika pafupifupi 39,000 mu 2020, ndipo kuthamanga ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akuluakulu a zamisewu kumeneko adatchula.

Motero kukulitsa msewu, ngakhale nchinthu chabwino chopulumutsa nthawi ndi mafuta, pakokha sikuchotsa ngozi. Kungathe kungosintha mtundu wake. Akuluakulu a m'maofesi olinganiza misewu ayenera kuika malo owolokera, tizitunda tochepetsa liwiro ndi magetsi a usiku pamodzi ndi phula latsopanolo, osadikira kuti munthu ayambe wafa. Nawonso aphunzitsi akumbukire kuti ana ambiri amaweruka masana, pamene galimoto zachepa ndipo zotsalazo zikuthamanga.